Funsani wa Mafizo: Fupa lagwirana koma bondo likukana kupindika

Moni nonse owerenga. Mwezi uno mafunso abwera ochuluka kuposa malo amene akonzi andipatsa, nde ndasankhapo 6 amene akufanana ndi a anthu ambiri, mayina ndachotsa ngati mwa nthawi zonse. Kwa amene mwangoyamba kuwerenga tsamba lino, ine ndine wa mafizo, ntchito yanga imayambira pamene a mafupa asiyira, ndipo zimene ndikulemba pano sizikulowa m'malo mwa kukaonedwa ndi kugwiridwa ndi manja kuchipatala.

FUNSO: Adokotala, ine ndine mnyamata wa zaka 27 ndimapanga kabaza wa njinga yamoto kuno ku Lilongwe. Mu Ogasiti ndinaombedwa ndi minibasi fupa la pantchafu nkuthyoka. Ndinagona mchipatala masabata 8 ataboola chitsulo pansi pa bondo nkumangirirako zolemera zokoka mwendo. Pano ndili kunyumba, akuti fupa lagwirana koma bondo silikupindika olo pang'ono, mwendo waonda ngati si wanga, kuchimbudzi ndikuvutika chifukwa sindingathe kunjuta. Anzanga akuti andigwire anthu atatu alipinde mwamphamvu kamodzi kokha kuumako kuthyoke. Ndilole? (Wakabaza, Lilongwe)

YANKHO: Achimwene pepani ndi ngoziyo, koma chonde chonde anzanuwo asayerekeze kukugwirani. Ndikudziwa akukufunirani zabwino, akuona mnzawo wangokhala pakhonde njinga ili m'nyumba ndalama sikulowa, koma chimene chingathyoke pamenepo si kuumako ayi, ndi fupa lomwe mwaligonera masabata 8 lija, kapena kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, kapena mtsempha waukulu umene umakagwira. Fupa likangogwirana kumene limakhala lisanakhwime, la pantchafu mwa munthu wamkulu limatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti lilimbe bwino, pena kuposa pamenepo.

Chachitika mkatimo ndi ichi. Kutsogolo kwa ntchafu kuli minofu ikuluikulu inayi imene imawongola bondo, ndipo kuti bondo lipindike minofuyi imayenera kutsetsereka pamwamba pa fupa. Fupa litathyoka magazi anatayikira mkati, thupi linayamba kumata, nde pomatapo silisankha, limamatira limodzi fupa ndi mnofu omwe. Kuonjezera apo mwendo unakhala chiwongokere masabata onsewo, zonse zozungulira bondo zinauma mmene zinagonera. Zili ngati chikopa cha mbuzi choyanikidwa padzuwa, ukachipinda mwaukali chimang'ambika koma ukamachifikisa tsiku ndi tsiku chimafewa. Kuondako nako musadabwe nako, mnofu wosagwira ntchito umayamba kuphwa sabata yoyamba yomweyo, ndipo kubwerera kwake kumachedwa kuposa kuchoka kwake.

Yambani chonchi. Khalani pamkeka mwendo utawongoka, pindani thawulo muike pansi pa bondo, nkumalikanikizira pansi mpaka muone mnofu wa pantchafu ukudzuka, werengani mpaka 10, pumani, mubwereze kakhumi. Mukatero gwirani kafupa kozungulira kaja ndi zala muzikasuntha pang'onopang'ono kumanja kumanzere, m'mwamba m'munsi, chifukwa kakapanda kuyenda kameneka bondo silingapindike olo mutalimbikira bwanji. Kenako kolekani chitenje kuphazi, gwirani nsonga zake ziwiri, muzikoka kuti chidendene chizikhwekhwereza pansi kubwera kwa inu, mukafika pamene pakukoka imani pomwepo masekondi 30 osabweza, pumani mpweya bwinobwino, kenako masulani. Izi zikayamba kutheka khalani m'mphepete mwa bedi lalitali kapena tebulo lolimba mwendo ulendewere, kulemera kwake komweko kuzilipinda bondolo, mwendo wabwinowo muupingase kutsogolo kwa wodwalawo nkumaukankhira m'mbuyo pang'onopang'ono. Katatu kapena kanayi patsiku, mphindi 15 zokha, kumaposa kudzizunza ola lathunthu kamodzi pasabata. Kumva kukoka ndi kuwawa pang'ono kuli bwino, koma ululu wobaya pamene panathyoka paja, kapena bondo likatupa nkutentha mpaka mawa lake, dziwani kuti mwapyola muyezo, chepetsani.

Ndinali ndi mnyamata wina wa msinkhu wanu yemweyo, vuto lake lomwelo, ndinamuuza kuti Lamulungu lililonse azikhala pansi atatsamira khoma malo amodzimodzi nkulemba ndi khala pasimenti pamene chidendene chafika. Sabata yoyamba mizere iwiri inangotalikirana ngati chala chimodzi, anakhumudwa nkufuna kusiya, mkazi wake ndi amene anakaniza kuti pakonapo pasakolopedwe. Patatha miyezi iwiri anabwera ndi chithunzi pafoni, mizere 8 yondandalikana ngati makwerero, womaliza uli pafupi ndi khoma. Inunso chitani zomwezo chifukwa ndi maso okha simungaone kusintha, mudzangoona ngati palibe chikuchitika.

Ife timayeza ndi madigiri. Kuyenda pamalo osalala bondo limafuna madigiri ngati 60, kukhala pampando ndi kukwera masitepe pafupifupi 90, koma kunjuta kumafuna 130 kapena kuposa, nde kunjuta kudzabwera komaliza, musakuthamangire. Pakadali pano pezani kalipentala aboole mpando wathabwa wolimba muziuika pamwamba pa dzenje, palibe chamanyazi pamenepo. Za kuponda, tsatirani zimene a mafupa anakuuzani, ngati sanakuuzeni bwino kafunseninso kuti ndiponde thupi lonse kapena theka. Ndodo musazitaye chifukwa cha manyazi, kutsimphina kukalowerera kumavuta kukuchotsa. Pamasitepe mwendo wabwino uzitsogola pokwera, wodwala ndi ndodo zizitsogola potsika. Muwauzenso ayeze ngati miyendo ili yofanana kutalika, chifukwa mwendo wokokedwa ndi zolemera nthawi zina umagwirana utafupika pang'ono, ndipo kuonjezera mphira pansi pa nsapato kumateteza chiuno ndi msana.

Katumba akatupa nkumawawa ndi kutentha, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, amakhala magazi aundana mumtsempha. Ndipo mukalimbikira miyezi itatu bondo osafikabe pa 90, bwererani kwa a mafupa, pali njira yolipinda munthu atagonetsedwa tulo komanso opaleshoni yomasula mnofu womatirira uja. Kwanu komweko ku Kamuzu Central kuli LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023. Panjinga musabwererepo mpaka mwendowo uzitha kukunyamulani wokha mutaimira pa iwo, chifukwa poima ndi pasenjala kumbuyo ndi mwendo umodzi umene umagwira katundu yense.

FUNSO: Zikomo a fizo. Mwana wanga wa zaka 6 anagwa mumtengo wa mango mu Novembala nkuthyoka mkono pamwamba pa chigongono. Anamuika chikhakha masabata 4, achotsa sabata yatha koma mkono sukuwongoka wonse komanso dzanja silikufika bwino kukamwa moti akudya ndi lamanzere. Apongozi anga akumunyamulitsa kachidebe ka madzi m'mawa uliwonse ati mkono uwongoke, madzulo akumuthowa ndi madzi otentha nkumamukoka mwana akulira. Ine mtima ukundiwawa koma ndikuopa kuwayankha. Akuchita bwino kodi? (Mayi wa ku Salima)

YANKHO: Mayi, mtima wanuwo ukunena zoona, kachidebeko ndi kukokako zisiyidwe lero lomwe. Nyengo ya mango ikafika ana othyoka pamalo amenewa amadzadza m'mawodi, ndipo ambiri amachira bwinobwino popanda wina kuwakoka. Chigongono sichifuna kukakamizidwa. Mwana akanyamula cholemera mnofu wa kutsogolo kwa mkono umakungika kuti udziteteze, nde m'malo mowongoka mkono ukuphunzira kupindika. Choopsa kwambiri nchakuti kukoka ndi kutikita mwamphamvu pamalo amene pangovulala kumene kumatha kuchititsa kuti mkati mwa mnofu mumere fupa, likamera limenelo chigongono chimatsekeka ndipo kuchitsegula kumavuta kuposa vuto limene munali nalo poyamba.

Sabata imodzi chichotsereni chikhakha si kale ayi, mkono kuuma panopa ndi mmene zimakhalira. Mankhwala a mwana wa zaka 6 ndi kusewera. Muzimusiya asambe yekha, adzole mafuta kumaso ndi kumutu yekha, avale malaya yekha, azisewera phada, aziponyerana kampira ka mapepala ndi anzake, azijambula pansi ndi kamtengo. Pakudya mulimbikitseni ayese ndi dzanja lake lakumanja olo mbamu zitatu zoyamba zokha, akatopa asinthe, osamukalipira. Mwana amadziwa yekha polekezera, akamva kuwawa amasiya, wamkulu womukoka sadziwa. Kusintha kwakukulu mukuona m'masabata 4 mpaka 6 akubwerawa, kotsalako kumabwera pang'onopang'ono mpaka chaka. Kukwera mitengo ndi kulimbana ndi anzake kokha adikire kaye mwezi wina.

Koma pali zinthu zoti muone nokha madzulo ano. Muuzeni apange kabowo kozungulira pogunditsa nsonga ya chala chachikulu ndi chamkombaphala, atambasule zala zonse nkuzibweza pamodzi, adzutse dzanja m'mwamba ngati akuimitsa minibasi. Akalephera chimodzi mwa izi, kapena akamati zala zina zachita dzanzi, mitsempha yomvera inakhudzidwa pogwa paja, nthawi zambiri imabwerera yokha pakapita miyezi ingapo koma a mafupa ayenera kudziwa. Komanso akawongola mikono yonse iwiri zikhatho zitayang'ana kutsogolo, onani ngati wovulalawo wakhotera mkati kusiyana ndi unzake. Kukhota kumeneko mafizo sathetsa, ndi fupa limene lagwirana mopendekeka, amaona ndi a mafupa, ndipo ana otere amathandizidwa ku zipatala zazikulu komanso ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala cha mafupa a ana chimene chakhalapo kuyambira 2002.

Za apongozi, ndikumvetsa, si chapafupi kuwayankha. Iwo akuchita zimene anaona makolo awo akuchita ndipo akuchita chifukwa chomukonda mdzukulu wawo. Lankhulani ndi bambo a mwanayo awafotokozere ndi iwo, kapena tsiku lokaonetsa mwana mupite nawo limodzi akamve okha pakamwa pa achipatala. Ine agogo akabwera ndimawapatsa ntchito, kuti iwo ndi amene aziyang'anira kuti mwana akudya ndi dzanja lake ndipo akusewera, ambiri amaigwira ndi mtima wonse.

FUNSO: Ndine mtsikana wa zaka 19 ndimasewera mpira wa manja. Ndabinyanso pakakolo, aka nkachitatu phazi lomwelomwelo chaka chino. Kukatupa ndimathowa, ndimapuma sabata imodzi ndi kubwerera mugemu. Bwanji zikungobwerezabwereza? (Wosewera wa ku Mzuzu)

YANKHO: Achemwali, zikubwereza chifukwa kutupa kukaphwa mumayesa mwachira, chonsecho mkatimo simunachire. Phazi likapindikira mkati timitsempha tomanga mafupa ta kunja kwa kakolo timatamuka kapena kung'ambika pang'ono, ndipo mkati mwa timitsempha timeneti muli tozindikira timene timauza ubongo mmene phazi laponderamo inu musanayang'ane nkomwe. Tikavulala uthengawo umachedwa, nde mukadumpha nkutera mopendekeka minofu imadzuka mochedwa phazi litapita kale.

Masiku awiri atatu oyamba osathowa, kutentha kumaonjezera kutupa. Kwezani phazi pamwamba pa mapilo, ikani chozizira chokulunga m'kansalu mphindi 15, olo mafirizesi omwewa amagwira ntchito, mangani bandeji yotamuka koma osathinitsa mpaka zala kuzizira. Ngati simungathe kuponda nkuyenda mapazi 4, kapena mukadina pafupa lenilenilo la m'mbali mwa kakolo pakuwawa kwambiri, kajambulitseni, mwina fupa lathyoka. Ngati ayi yambani kuponda msanga mmene mungathere, ndipo mutakhala pansi muzilemba zilembo m'malere ndi chala chachikulu cha kuphazi kuyambira A mpaka Z.

Chimene mwakhala mukudumpha ndi ichi: kuima ndi phazi limodzi. Potsuka mano, potsuka mbale, podikira madzi pampopi, imani ndi phazi lovulalalo masekondi 30. Zikaphweka tsinzinani, zikaphwekanso imani papilo, kenako mnzanu azikuponyerani mpira muli chiimire choncho. Onjezerani kunyang'ama ndi zala nkutsika pang'onopang'ono ka 15, katatu, ndi kukankhira phazi kunja mutalikoleka chubu chakale cha njinga. Chitani izi masabata 6 osachepera, ndipo mubwerere mugemu pokhapokha mukutha kudumphadumpha ndi phazi limenelo kakhumi nkutera osagwedezeka ngati mmene likuchitira linzake. Miyezi yoyambayi muzimanga pakakolo posewera. Likamagwabe lokha poyenda wamba mutachita zonsezi miyezi itatu, kaonaneni ndi a mafupa.

FUNSO: Ndine bambo wa zaka 45, mlimi. Masabata awiri apitawa ndimatsitsa thumba la feteleza la makilo 50 pangolo ndinangomva msana kuti the, kuyambira pamenepo ndangogona pamphasa. Ananditema mphini koma sizikusintha, mbewu kumunda zikufuna kupalira. Ndipite akandijambule? (Mlimi wa ku Dedza)

YANKHO: Bambo, choyamba dzukani pamphasapo. Ndikudziwa zikumveka zachilendo chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti wodwala amagona, koma msana ukagonedwa kupitirira tsiku limodzi kapena awiri umauma, minofu imafooka, mantha amakula, ululu nkumakhalitsa. Kuwawa kwa msana kobwera ponyamula katundu chonchi anthu ambiri kumachepa kwambiri m'masabata 6, ndipo amene amachira msanga ndi amene akuyendayenda. Yambani ndi kuzungulira nyumba mphindi 5 kangapo patsiku, mawa muonjezere. Pogona gonani chammbali pilo ali pakati pa mawondo, podzuka gudubukirani chammbali kaye, tsitsani miyendo, dzikankheni ndi manja. Muli chagada mawondo atapindika muziwagwetsera uku ndi uku pang'onopang'ono, kenako muzidzutsa chiuno m'mwamba nkutsitsa kakhumi. Inu kuthowa kuli bwino, masabata awiri adutsa, madzi ofunda amamasula minofu. Mphini zokha ndikupempheni musabwereze, vuto lili mkati mwakuya kumene lumo silifika, chotsala ndi zilonda ndi chiopsezo cha matenda ngati lumolo lagwira anthu angapo.

Kujambula si kofunika kwa aliyense, chithunzi chimaonetsa mafupa pomwe chimene chavulala nthawi zambiri ndi minofu ndi timitsempha. Koma pali zizindikiro zimene sitidikira nazo. Mukachita dzanzi kumalo obisika ndi pakati pa ntchafu, mkodzo kapena chimbudzi chikamatuluka osamva kapena mkodzo kukanika kutuluka, miyendo ikamafooka mpaka phazi kumakwakwaza pansi, pitani tsiku lomwelo. Chinanso chimene kwathu kuno sitiyenera kuchiiwala ndi TB ya msana. Ngati msana unayamba kale kuwawa thumbalo lisanabwere, ukuwawa kwambiri usiku, mukutuluka thukuta usiku, mukuonda, thupi likutentha, kapena pamsana patuluka kanundu, kayezetseni, makamaka ngati muli ndi HIV kapena munadwalapo TB. Imachizika ndi mankhwala koma ikachedwa imapha miyendo.

Kumunda bwererani pang'onopang'ono, mizere yochepa m'mawa, mphindi 20 zilizonse imani muike manja m'chiuno nkuweramira m'mbuyo kangapo. Khasu la mpini wautaliko limathandiza. Thumba la makilo 50 muzinyamula awiri kapena kuligawa, katundu akhale pafupi ndi thupi, osapotokola chiuno muli naye m'manja. Bufeni ndi anzake amathandiza masiku ochepa mutadya, koma ngati muli ndi zilonda za m'mimba, BP kapena vuto la impso funsani kaye achipatala.

FUNSO: Ndikulemba kuchokera ku Johannesburg. Amayi anga kumudzi ku Ntcheu ali ndi zaka 56, amadwala shuga. Miyezi 5 tsopano phewa lakumanzere likuwawa osagwa osamenyedwa, usiku sagona, panopa sangathe kumanga duku kapena kufikira kumsana posamba. Kuno ndaona makina osisitira m'mashopu, ndiwagulire? Nanga a fizo kumudzi angawapeze kuti? (Mwana wawo wamkazi)

YANKHO: Achemwali, ndalama ya makinayo isungeni ikhale ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Mmene mwafotokozeramu zikufanana kwambiri ndi phewa louma, vuto limene limakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, amayi kwambiri, ndipo odwala shuga limawagwira kuposa ena. Kathumba kamene kamakuta mfundo ya phewa kamatupa kenako kukhuthala nkufupika. Limayenda m'magawo, poyamba ululu ndi umene umalamulira makamaka usiku, kenako ululu umachepa kuuma nkukula, pomaliza limayamba kumasuka lokha. Ulendo wonse umatha kutenga chaka mpaka zaka zitatu, ndipo ndi bwino amayi adziwiretu zimenezi kuti asamaganize kuti alodzedwa kapena kuti mkono wafa. Makina osisita amangosangalatsa khungu, kathumbako sakafika.

Panopa pamene ululu uli waukulu asalikakamize. Aziwerama atagwira tebulo ndi dzanja labwino, mkono wodwalawo uzilendewera nkumazungulira wokha pang'onopang'ono, azithowa ndi madzi ofunda asanayambe, koma wina aziyamba wayesa madziwo chifukwa odwala shuga ena khungu silimva bwino kutentha. Pogona agonere mbali yabwino atakumbatira pilo. Ululu ukayamba kuchepa aziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba ngati kangaude, azigona chagada atagwira mpini wa tsache ndi manja awiri dzanja labwino lizikweza linzake, azigwira chitenje kumsana ngati akudzipukuta nkumakoka. Ntchito zopepuka asasiye, kusinja ndi kusenza ndowa kokha apatse ena kaye. Shuga akhale pamuyezo, akakwera phewa limachedwa kumasuka. Pali jakisoni wa m'phewa amene amachepetsa ululu pagawo loyambali koma amakweza shuga kwa masiku angapo, nde ameneyo akambirane ndi dokotala wawo. Ndipo ululu wa kumanzere ukabwera ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi phuma, umenewo si wa phewa, athamangire kuchipatala.

Ayambire pachipatala cha boma cha paboma, afunse kwa a mafupa. Makiliniko ofisala a mafupa dziko lathu lakhala likuwaphunzitsa kuyambira 1985 ndipo ndi amene amagwira ntchito yaikulu ya mafupa m'maboma, iwo awaona nkuwatumiza kwa a mafizo. Zipatala zazikulu zinayi, Queens, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, zili ndi mbali ya mafizo, ku Blantyre kulinso Kachere, malo a mafizo a bungwe la MAP lothandiza anthu aulumali. A mafizo tikadali ochepa, digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine imene pano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, choncho sangaonedwe sabata iliyonse. Akapita apite ndi mdzukulu wa foni ajambule kavidiyo ka mafizo amene aonetsedwa, inu muziwaimbira madzulo kufunsa kuti lero zala zafika pati pakhoma paja.

FUNSO: Agogo anga anaterereka pamatope dzana nkuthyoka pamfundo ya dzanja, awaika chikhakha. Zala zatupa ndipo akuti chikuthina. Anatiuza tibwerenso pakatha masabata 6, nde tidikire? (Mdzukulu, Zomba)

YANKHO: Kalata yanu nditangoiona ndinayankha pafoni tsiku lomwelo, ndaiika pano chifukwa cha ena. Kutupa pang'ono masiku oyamba kumachitika, koma chikhakha chothina sitidikira nacho tsiku la pakhadi. Dinani chikhadabo chiyere nkusiya, mtundu uzibwerera m'masekondi awiri. Zala zikazizira, zikada kapena kutuwa, zikachita dzanzi, ululu ukamakulirakulira osamva panado, makamaka ukamabaya wina akawongola zalazo, pitani nthawi yomweyo olo usiku akaching'ambe, chifukwa minofu yosowa magazi imafa m'maola ochepa ndipo dzanja limatha kupindika mpaka kalekale. Chimodzimodzi amene mwamangidwa timitengo ndi nsalu kumudzi.

Ngati zizindikiro zimenezi palibe, dzanja likhale pamwamba kuposa mtima, atagona aliike pamapilo, mphete avule. Ola lililonse azifumbata zala nkutambasula kakhumi, chala chachikulu chizigunda chilichonse cha zinzake, chigongono azipinda nkuwongola, ndipo kangapo patsiku azikweza mkono wonse pamwamba pa mutu, apo ayi pochotsa chikhakha mudzapeza dzanja lachira koma phewa lauma. Chisanyowe, posamba chikulungeni m'jumbo, ndipo kukayabwa asasolotsemo kamtengo. Fodya wamphuno kapena ndudu ngati amasuta asiye kaye, fodya amachedwetsa fupa kugwirana. M'mbale musasowe usipa kapena matemba odyera limodzi ndi minga yake, mazira, nyemba, masamba, mkaka ukapezeka. Ndipo popeza athyoka pongoterereka, tsiku lokaonetsa muwafunse achipatala ngati mafupa awo sanayambe kufooka ndi ukalamba, komanso panjira ya kubafa ndi kuchimbudzi thiranipo mchenga kapena timiyala mvula isanapitirire.